Thukuta la Mlimi, Sikelo ya Wamalonda ndi Mpamba wa Halaal

Khutba ya Ijuma, Ulongwe, boma la Angónia, m'nyengo ya masika

KHUTBA YOYAMBA

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, amene amagwetsa mvula pamapiri athu ano nameretsa mbewu m'nthaka imene idali youma, amene amadyetsa womuthokoza ndi womuiwala yemwe. Tikumutamanda, tikumupempha chithandizo ndi chikhululuko. Ndikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa mwachoonadi koma Allah yekha, ndi kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndi Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere wa Allah zikhale pa iye, pa akubanja lake, pa ma Swahaba ake ndi pa onse owatsatira kufikira Tsiku la Chiweruzo.

Akapolo a Allah, ndikudzilangiza ndekha poyamba, kenaka inu, kuti timuope Allah. Kumuopa kumeneku kumayenda nafe tikatuluka mumzikiti muno. Kumatiperekeza kumunda, kuchigayo, pasikelo, ndi m'thumba mmene timasungamo ndalama.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, tili m'masika. Chimanga chikukololedwa, nyemba ndi soya zayanikidwa pabwalo, ndipo magalimoto akuluakulu ayamba kukwera kuno kudzanyamula mbatata ya kachewere. Boma lathu la Angónia, pamodzi ndi Tsangano ndi Macanga, ndiwo nkhokwe ya chigawo cha Tete. Chakudya cholimidwa kuno chimadyedwa ku Moatize, mumzinda wa Tete, mpaka ku Beira. China chimawoloka malire pa Calomue kupita ku Dedza, china chimagulitsidwa pamsika wa Lizulu. Allah adatipatsa nthaka, mvula ndi kamphepo kozizira, zimene abale athu akuchigwa cha Zambezi amazilakalaka. Nanga n'chifukwa chiyani mlimi wodyetsa mizinda yonseyi amagona ndi njala m'mwezi wa Januwale?

M'Januwale wapitayu, titatha swala ya Asr, mayi wina wamasiye adandidikira pakhomo la mzikiti uno kupempha ufa. Dzina lake likhale lobisika. Nditamufunsa ngati munda udakanika, adati ayi, adakolola matumba 15. Anayi adapita kwa munthu amene adamubwereka matumba awiri m'nyengo ya njala ya chaka chinacho. Asanu ndi limodzi adawagulitsa m'Meyi kwa wogula amene adapachika sikelo pamtengo m'mbali mwa njira ya kumudzi kwawo, chifukwa mwana adadwala ndipo ena amafuna makope. Asanu otsalawo anankafumbwe adagawana naye. Taganizani: mayi amene m'Meyi adali woyenera kupereka zakaat, m'Januwale adali woyenera kuilandira. Mvula siidamulakwire, ndipo khasu silidamukane. Chuma chake chidadontha pamabowo atatu: katapira, sikelo ndi nkhokwe. Lero tikambe za mabowo amenewa, ndi za mmene Chisilamu chimatiphunzitsira kuwatseka ndi kudzutsana pa malonda.

Ntchito ndi malonda pamaso pa Allah

Surat Al-Jumu'ah, m'ndime ya 9, imatilamula kusiya malonda adhana ya Ijuma ikamveka. Ndime ya 10 imatiuza kuti swala ikatha timwazikane padziko kukafunafuna ubwino wa Allah, uku tikumukumbukira kwambiri. Choncho amene watseka banka yake kuti abwere kuno wamvera Mbuye wake, ndipo akakaitsegulanso masana ano adzakhala akuyendabe m'chilolezo cha Mbuye yemweyo.

Mtumiki wathu (S.A.W.) ali mnyamata adaweta ziweto za anthu a ku Makka molipidwa. Atakula adanyamula katundu wa Mayi Khadija, Allah asangalale naye, kukagulitsa ku Sham. Mayiyo adaika mpamba, iye adaika mphamvu ndi kukhulupirika. Banja loyamba la Chisilamu lidayambira pa mgwirizano wa malonda, ndipo mwini mpamba adali mkazi.

Kumbukiraninso Abdurrahman bin Awf, Allah asangalale naye. Adafika ku Madina chimanjamanja, chuma chake chonse atachisiya ku Makka. Mtumiki adamupatsa m'bale pakati pa ma Answari, Sa'd bin Rabi', amene adafuna kumugawira theka la chuma chake. Abdurrahman adamupemphera madalitso nakana mphatsoyo, napempha chinthu chimodzi chokha, kuti amusonyeze kumene kuli msika. Adapita, nabwerako ndi kaphindu kochepa ka mafuta a mkaka ndi mkaka wouma. Kuchokera pamenepo adadzakhala mmodzi wa ma Swahaba olemera kwambiri ndi owolowa manja kwambiri. Timakonda kutamanda Abdurrahman, ndipo n'koyenera. Koma tisaiwale kuti adapeza abale amene adamusonyeza njira ya kumsikako, osamuchitira nsanje.

Ambiri a ife kusamuka timakudziwa. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo itafika m'mapiri muno, tidathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu titasenza zimene mutu ukadatha kusenza. Minda ikuluikulu ya boma ya CAIA idaima, ng'ombe zidatha, midzi idamera thengo. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 tidabwerera kudzayamba ndi khasu lobwereka. Ena mwa inu amene lero muli ndi sitolo, chigayo kapena galimoto mudayamba ndi lichero la matimati kapena njinga yakapalasa imodzi. Aliyense wa inu akudziwa dzina la munthu amene adamupatsa katundu woyamba pangongole, kapena kumulola kukhala pambali pake pamsika. Lero kumbuyo kwa safu zino kwakhala anyamata amene amaliza sukulu koma alibe chochita. Akuganiza zopita ku Moatize kapena ku Joni. Akufunsa funso la Abdurrahman. Ndani pakati pathu awasonyeza msika?

Bowo loyamba: sikelo

Abale anga ogula mbewu, mawu awa ndi anu, ndipo ndikuwalankhula mwachikondi, pakuti popanda inu chimanga chathu sichingafike ku Tete. Ntchito yanu ndi ya halaal ndi yofunika. Koma Allah adavumbulutsa Surah yathunthu, ya nambala 83, Al-Mutaffifin, imene dzina lake limatanthauza ochepetsa muyeso. Imayamba ndi chenjezo la chionongeko kwa anthu amene akamalandira amafuna muyeso wodzaza, akamapereka amapungula. Mu Surat Hud timawerenga za anthu a ku Madyan, amene Mneneri Shu'aib, mtendere ukhale pa iye, adawaitanira ku zinthu ziwiri pamodzi: kupembedza Allah yekha ndi kukwaniritsa muyeso ndi sikelo. Adamuseka, namufunsa ngati swala yake ndi imene ikumutuma kulowerera pa chuma chawo. Mathero awo mukuwadziwa.

Kuchepetsa muyeso kwa masiku ano kuli ndi maonekedwe ambiri. Ilipo sikelo yokhotetsedwa kuti makilogalamu 50 aziwerengeka 45. Ilipo lata ya malita 20 yofutukulidwa ndi nyundo pansi pake, yogulira, ndi ina yopinimbira, yogulitsira. Kulinso kusokoneza nkhalamba posintha metikali ndi kwacha, podziwa kuti iyo sidziwa mtengo wa tsikulo. Zonsezi ndi tchimo limodzi, ndipo kilogalamu iliyonse idzayezedwanso pa sikelo imene palibe angaikhotetse.

Mtumiki (S.A.W.) adaletsanso kukachingamira obweretsa katundu panjira asanafike pamsika, ndipo adapereka ufulu kwa wogulitsayo kubweza malondawo akafika pamsika napeza kuti adaponderezedwa. Chifukwa cha lamuloli ndi chakuti munthu wakumudzi sadziwa mtengo. Kupita ndi sikelo kumudzi wakutali pakokha kungakhale chithandizo, pakuti mwamuchotsera mlimi mtolo. Chimasanduka chinyengo pamene mukumubisira mtengo wa pa Ulongwe, kapena kumunamiza kuti mtengo wagwa. Muuzeni zoona, chotsanipo ndalama ya mayendedwe ndi phindu lanu loyenera, iye asankhe akudziwa.

Nanunso alimi musadzione oyera. Tsiku lina Mtumiki adadutsa pa mulu wa chakudya pamsika wa Madina, nalowetsa dzanja mkati, zala zake zidanyowa. Mwiniwake adati mvula idachivumbwa. Mtumiki adamudzudzula chifukwa chosaika chonyowacho pamwamba kuti ogula achione, nalengeza kuti wachinyengo sali m'gulu lake. Amene amathira madzi kapena mchenga m'soya kuti alemere, amene amaika mbatata zikuluzikulu pakamwa pa thumba, zowola ndi zing'onozing'ono pansi, ali pamulu womwewo. Ndipo akuipitsa dzina la dera lonse, pakuti wogula wa ku Beira akapeza thumba limodzi lotero amatsitsa mtengo wa matumba onse ochokera kuno.

Asilamu m'boma lino ndife ochepa. Anansi athu ambiri ndi Akhristu ndi otsatira miyambo ya makolo, ndipo ambiri mwa iwo sadzalowa muno kumva khutba. Chisilamu amachiwerenga pa sikelo yanu.

Bowo lachiwiri: katapira

Allah adaloleza malonda naletsa riba, monga zilili mu Surat Al-Baqarah ndime ya 275. Riba ndi chilichonse choonjezera chimene wobwereketsa waika ngati lamulo pa ngongole. Thumba limodzi m'Januwale, awiri m'Meyi: imeneyo ndi riba. Mametikali 1,000 lero, 1,500 mwezi ukatha: ndi riba. Wobwereka akhoza kuvomera ndi pakamwa, koma munthu amene ana ake akulira ndi njala savomera mwaufulu.

Alongo ena andifunsa za magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama, aja kutsidya amati banki m'khonde. Kusunga pamodzi ndi chinthu chabwino, ndipo magulu amenewa aphunzitsa amayi ambiri kulemba ndi kuwerengera ndalama. Vuto lili pa chiwongoladzanja choikidwa pa ngongole. Chimakhalabe riba ngakhale mukagawana nokhanokha kumapeto kwa chaka, pakuti wosaukitsitsa m'gululo, amene amabwereka kawirikawiri, ndiye amalemeretsa anzake. Koma xitique, ija ena amati chipereganyu, pamene aliyense amasonkha mofanana nalandira mofanana pa nthawi yake, ma ulama ambiri adailoleza, pakuti palibe wolandira choposa chimene adapereka.

Mwina wina anena mumtima: Shehe, mwatseka khomo, nanga feteleza timugula bwanji? Shariya ikatseka khomo limodzi imasiya ena otsegula, ndipo nditchula anayi.

Loyamba ndi qardh hasan, ngongole yabwino: wabwereka 5,000, wabweza 5,000. Phindu la wobwereketsa lili kwa Allah.

Lachiwiri ndi mudhaaraba, mgwirizano wonga uja wa Mayi Khadija. Wina aika mpamba, wina aika ntchito, ndipo amagwirizana pachiyambi kagawidwe ka phindu, theka ndi theka kapena mwina mulimonse. Chimene amagwirizana ndi gawo la phindu, osati ndalama yodulidwiratu. Malonda akagwa popanda kunyalanyaza kapena chinyengo, mwini mpamba ataya ndalama yake, wogwira ntchito ataya thukuta lake. Apa ndi pamene njirayi imasiyanirana ndi katapira: mwini ndalama amasenza nawo chiopsezo, choncho amamulangiza mnyamatayo, amamuyendera, amamufunira makasitomala.

Lachitatu ndi kugulitsa pangongole pa mtengo wodziwika. Mwini sitolo akhoza kupatsa mlimi feteleza kapena mbewu m'Novembala kuti adzalipire m'Juni, pa mtengo wokwererapo kuposa wa pompopompo. Ma ulama ambiri adaloleza zimenezi, malinga mtengowo ndi umodzi, wagwirizanidwa tsiku la malonda, ndipo sudzakwera ngakhale mlimiyo atachedwa kulipira.

Lachinayi ndi salam. Mtumiki atafika ku Madina adapeza anthu akulipiriratu zipatso za chaka chimodzi kapena ziwiri zakutsogolo. Sadawaletse, koma adalamula kuti muyeso, kulemera ndi nthawi zikhale zodziwika. Choncho wogula akhoza kupereka ndalama yonse lero kuti adzalandire makilogalamu akutiakuti a nyemba za mtundu wakutiwakuti pa tsiku lakutilakuti. Zimenezi n'zosiyana ndi kugula munda wa chimanga chisanakhwime, kumene Mtumiki adaletsa, pakuti palibe akudziwa chimene mundawo udzatulutse. Ndipo ndikuchenjeza: musaveke katapira mkanjo ndi kumutcha salam. Mtengo ukakhala wa munthu womira m'madzi, Allah akuona, ngakhale pepala litalembedwa bwino.

Pa njira zonsezi, lembani. Ndime yaitali kuposa zonse m'Qur'an, ya 282 mu Surat Al-Baqarah, ikunena za kulemba ngongole ndi kuikira mboni. Kwathu kuno timachita manyazi kulemberana ndi m'bale, timati kulemba ndi kusakhulupirirana. Kodi ndife okhulupirika kuposa ma Swahaba, amene lamuloli lidawatsikira? Maubale angati m'midzi mwathu adatha chifukwa wina akuti adali matumba atatu, wina akuti awiri? Kope ndi cholembera n'zotsika mtengo kuposa mlandu wa kwa mfumu. Ndalama ikadutsa pa M-Pesa kapena e-Mola, sungani uthengawo, koma lembaninso kuti ndalamayo ndi ya chiyani ndipo idzabwezedwa liti.

Bowo lachitatu: nkhokwe

Mneneri Yusuf, mtendere ukhale pa iye, atamasulira maloto a mfumu ya ku Iguputo, adaperekanso ndondomeko: alime zaka zisanu ndi ziwiri motsatizana, zokolola azisunge m'ngala zake kupatula zochepa zakudya, kuti zidzawapulumutse m'zaka zisanu ndi ziwiri za chilala. Mneneri wa Allah adaphunzitsa dziko kasungidwe ka mbewu. Ife taona chilala cha 2016 ndi cha 2024, taona ntchemberezandonda zikudya chimanga chathu kuyambira 2017. Kuyedzamira kwa Allah n'kumanga ngamila poyamba, monga Mtumiki adamulangizira munthu uja wofuna kuisiya yosamanga.

Umitsani chimanga mokwanira musanachiike m'thumba, pakuti chonyowa chimachita chuku, ndipo chuku chimadwalitsa. Gwiritsani ntchito matumba osalowa mpweya kapena mankhwala ovomerezeka monga alangizi a zaulimi akunenera. Werengani pakamwa pa banja lanu musanagulitse thumba loyamba. Kusunga zokolola zako kudikira mtengo wabwino n'kololedwa. Choletsedwa ndi ihtikaar, kugula chakudya chonse pamsika nthawi ya njala ndi kuchitsekera kuti anthu avutike mtengo ukwere.

Ndipo tisamayende aliyense payekha. Mutu umodzi susenza denga. Mlimi wa matumba atatu alibe mawu pamaso pa mwini galimoto, koma alimi makumi atatu osonkhanitsa matumba awo pamalo amodzi, ndi sikelo yawoyawo, amatchula mtengo. Tiganizenso zoonjezera phindu tisanagulitse. Soya amachoka kuno ali m'thumba, kenaka timagula mafuta ophikira ndi chakudya cha nkhuku zochokera kutali. Mnyamata woweta nkhuku ndi chimanga ndi soya wakwathu konkuno, mayi woumitsa masamba ndi matimati a kudimba, mmisiri wokonza mapampu othirira ndi njinga zamoto, onsewa akutsekera ndalama m'mudzi. Pa Ulongwe pompano pali sukulu ya zaulimi ya Universidade Zambeze. Ana a kutali amabwera kudzaphunzira nthaka yathu. Ana athu alowemo, ndipo ife tisachite manyazi kufunsa nzeru kwa odziwa, kaya ndi Asilamu kaya ayi.

Zakaat ya zokolola

Surat Al-An'am ndime ya 141 imatikumbutsa kupereka gawo loyenera pa tsiku lokolola. Mlingo woyambira ndi ma wasq asanu, amene ma ulama a masiku ano amawerengera pafupifupi makilogalamu 653 a mbewu yopuntha ndi youma, ndiye kuti matumba 13 a makilogalamu 50. Munda wothiriridwa ndi mvula zakaat yake ndi thumba limodzi pa khumi alionse. Wakolola matumba 40, apereke anayi. Munda wothiriridwa ndi ndowa kapena pampu, limodzi pa makumi awiri. M'madh-hab a Imam Shafi'i, amene ambiri kuno timatsatira, zakaat imeneyi ili pa mbewu zimene ndi chakudya chodalirika ndi chosungika, monga chimanga, mpunga, tirigu ndi nyemba. Imam Abu Hanifa adaiika pa zonse zolimidwa, mbatata ndi kabichi zomwe. Wamalonda awerengere katundu ndi ndalama zake chaka chikatha, zikafika pa mlingo apereke 2.5 pa 100 iliyonse.

Imam An-Nawawi ndi ma ulama ena a madh-hab athu adafotokoza kuti wosauka wodziwa ntchito yamanja apatsidwe zakaat yokwanira kugula zipangizo za ntchito yake, ndipo wodziwa malonda apatsidwe mpamba. Kugawa mbale ya ufa kwa anthu makumi asanu kuli ndi malipiro ake, ndipo okalamba ndi odwala sitingawasiye. Koma makina osokera operekedwa kwa mayi mmodzi wodziwa kusoka akhoza kumuchotsa pamzere wa olandira mpaka kalekale.

Ndanena zimene mwamvazi, ndipo ndikupempha chikhululuko kwa Allah pa ine ndi pa inu. Mupempheni chikhululuko, pakuti Iye ndi Wokhululuka, Wachisoni.

KHUTBA YACHIWIRI

Kutamandidwa ndi kwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake, akubanja lake ndi ma Swahaba ake.

Abale ndi alongo, khutba yomva m'khutu n'kuisiya pakhomo pamodzi ndi fumbi la nsapato idzakhala umboni wotitsutsa. Choncho ndikuika pamaso panu ganizo lakuti jamaa ino ikhale ndi thumba la qardh hasan. Tiwerengere limodzi. Anthu 100 atamasonkha mametikali 50 Ijuma iliyonse, ndi 5,000 pa sabata, 260,000 pa chaka. Ndalama imeneyi ingapereke mpamba wa 5,000 kwa anthu 52, ndipo ikabwezedwa imapita kwa ena. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Koma ndikuuzeni mantha anga poyera. Tonse tikukumbukira ndalama zija za chitukuko cha maboma, zimene tidazitcha sete milhões, zoyamba m'chaka cha 2006. Cholinga chake chidali chakuti anthu akumidzi abwereke, ayambe ntchito, abweze, ena abwerekenso. M'dziko lonse zambiri sizidabwerere. Ambiri obwereka adaiona ngati mphatso, poti ndalama ya boma ilibe mwini. Mtima womwewo ukalowa m'thumba la mzikiti, lidzatha chaka chisanathe, ndipo lidzasiya udani m'safu zathu. Mtumiki (S.A.W.) adatcha kuzengereza kubweza kwa munthu amene ali nazo kuti ndi kupondereza. Adatiuzanso kuti ngakhale wofera m'njira ya Allah amakhululukidwa zonse kupatula ngongole. Wosabweza ndalama ya thumbali adzakhala atadya mpamba wa mwana wamasiye amene adali pambuyo pake pamzere.

Tsono ndikupempha kuti tigwirizane pa mfundo izi. Thumbali likhale losiyana ndi zakaat, pakuti zakaat ikaperekedwa imakhala chuma cha wolandirayo ndipo siibwezedwa. Lisungidwe ndi anthu osachepera atatu osankhidwa ndi jamaa, pakati pawo pakhale mayi, ndipo ine Imamu ndisagwire ndalama. Kope lake liwerengedwe poyera kamodzi pa mwezi. Wobwereka afotokoze ntchito imene akufuna kuchita, mtengo wa katundu ndi kumene akagulitse, ndipo abwere ndi mboni ziwiri. Aliyense woyamba kumene apatsidwe wamalonda wachikulire womuyang'anira. Amene wagwa m'mavuto enieni, monga matenda, chilala kapena moto, apatsidwe nthawi, monga ndime ya 280 ya Surat Al-Baqarah ikulamulira. Ndipo mzikiti ugule sikelo yoyesedwa bwino, imene mlimi aliyense, Msilamu ndi wosakhala Msilamu, angayezerepo thumba lake kwaulere asanakumane ndi wogula. Uthman bin Affan, Allah asangalale naye, adagula chitsime cha Ruma ku Madina nachipereka kuti anthu onse azitunga. Sikelo imeneyi ikhale chitsime chathu chaching'ono.

Amuna anzanga, musatseke njira ya akazi anu ndi ana anu aakazi. Mayi ake aang'ono a Jabir bin Abdillah atasudzulidwa adafuna kukakolola tende wawo, munthu wina nawaletsa. Mtumiki adawaloleza kupita, nanena kuti mwina apereka sadaka kapena achita chabwino ndi zokololazo. Mayi wa okhulupirira Zainab bint Jahsh ankagwira ntchito yamanja napereka sadaka kuchokera m'thukuta lake. Chuma chimene mkazi wapeza ndi chake, ndipo mwamuna alibe ufulu wotenga mpamba wa geni ya mkazi wake popanda chilolezo chake.

Anyamata, musanyoze chiyambi chaching'ono. Mtumiki adatiphunzitsa kuti kutenga chingwe ndi kukasenza nkhuni zogulitsa n'kwabwino kuposa kupemphetsa. Siyanitsani mpamba ndi phindu. Ndalama ya katundu siigulira foni yatsopano, ndipo siiponyedwa pa juga ya mpira, imene ndi haraam ngakhale itabwera kudzera pa foni. Lembani zolowa ndi zotuluka tsiku lililonse. Mukalemba wina ganyu, mulipireni thukuta lisanaume.

Ndipo inu amene mwabwereketsa mwa katapira chaka chino, khomo la kulapa lili lotsegula lero. Tengani chimene mudapereka, choonjezeracho musiyireni mwini wake masika ano asanathe. Amene sikelo yake ikudziwa chinsinsi chake, akaikonze dzuwa lisanalowe.

Tikatha swala, ndikupempha akuluakulu a jamaa, amalonda, alimi, ndi oimira amayi ndi achinyamata atsale pang'ono kuti tisankhe tsiku lokambirana zimenezi.

Ya Allah, dalitsani Mtumiki Wanu Muhammad ndi akubanja lake. Ya Allah, dalitsani minda yathu, madimba athu, ziweto zathu ndi misika yathu. Tikwaniritseni ndi halaal kuti tisasowe haraam. Amene ali m'ngongole muwapeputsire, amene akudwala muwachiritse, ana athu amene ali ku Moatize, ku Beira, ku Malawi ndi ku Joni muwasunge ndi kuwabweza ali ndi chikhulupiriro chawo. Khululukirani makolo athu, amene agona m'nthaka ino ndi amene adagona kutsidya kwa malire m'zaka za nkhondo. Patsani dziko lathu la Mozambique mtendere, ndipo atsogoleri ake muwaongolere ku chilungamo. Musatichititse manyazi pa Tsiku limene sikelo zidzaikidwa. Ameen.

Akapolo a Allah, mukumbukireni Allah ndipo mumuthokoze pa mtendere Wake. Imirirani tiswali.